Chithunzi cha Chifuwa cha Amayi

Chinali chipepala chakuda, cholimba ngati pulasitiki, ndipo chinkakhala mu envelopu yaikulu pamwamba pa kabati. Amayi anabwera nacho kuchokera kuchipatala ku Chipata, kumene anawajambula ekisire chifukwa cha chifuwa chosatha. Ukachiyang'ana pawindo unkaona nthiti zawo ndi kamtambo koyera chakumanja. Ine ndinkakakonda kamtamboko. Adokotala anati mtedza ukakumbidwa abwerere nacho, kuti akachiyerekeze ndi chatsopano n'kudziwa chochita.

Mtedza tinakumba, tinayanika, Juni anafika ndi mphepo yake yong'amba milomo. Amayi ankasenda mtedza pakadzuwa, akutsokomola mpaka lichero kugwedezeka pamiyendo. Amalume ankapopa njinga m'mawa uliwonse. "Mlongo, tiyeni ndikakusiyeni pa boma mukakwere minibasi." Amayi ankangoti, "Mawa, achimwene."

Kenaka wailesi inalengeza za kadamsana. Aphunzitsi athu a ku Zingalume, munthu wokonda zakumwamba kuposa masamu, analibe magalasi oonera dzuwa. Anabwera kwathu chipewa chili m'manja, kudzabwereka chithunzicho, poti anamva kuti mbali yakudayo imatchinga kuwala. Analonjeza kuchibweza chopanda ndi banga lomwe.

"Ana ndi ambiri, chimodzi sichikwana," anatero amayi. Aphunzitsi asanayankhe, amayi anatenga sizasi yawo yosokera nayamba kudula okha. Ndimaimvabe sizasiyo ikulira podutsa m'nthiti zawo.

Zinali zoopsa, tikanapsa maso tonse, koma ndani ankadziwa? Tinaima pabwalo la mpira, aliyense ndi kachidutswa kake, dzuwa likudyeka pang'onopang'ono. Kunazizira, nkhuku zinayamba kubwerera kukhola. Tsiku limenelo ndi limene linandipatsa ntchito yanga.

Lero ndimayeza kuwala kwa ekisire kochokera ku mpweya wotentha umene umazungulira maenje akuda a pakati pa milalang'amba. Dzenjelo silioneka. Timalidziwa chifukwa mpweya umene likumeza umawala kwambiri usanalowemo. Anzanga akaona kuwalako pakompyuta amasangalala. Ine mtima umandiwawa, chifukwa ndimakumbukira kamtambo kaja, ndiponso kuti amayi sanaione mvula ya chaka chimenecho.

Madzulo a kadamsanayo ndinathamangira kunyumba ndikukuwa kuti ndaona dzuwa lolumidwa. Amayi anaseka mpaka kutsokomola, nati ndiwafotokozerenso. Amalume anafika akukankha njinga, naona envelopu yopanda kanthu ndi tizidutswa takuda pamphasa. Anaigwetsa njingayo pomwepo, nakhala pansi m'fumbi. Kuyambira tsikulo sanaipopenso m'mawa.

Ine ndinaganiza kuti akwiya chifukwa tawamana choonera dzuwa. Ndinapita pomwe anakhalapo, n'kuwapatsa kachidutswa kanga.