Ba Mpundu a ku Kabwata ndi Chipolowe cha ku Mangalande

Ba Nicodemus Mpundu anaphunzitsa mbiri yakale zaka makumi atatu ndi chimodzi, kuyambira ku Mansa mpaka kudzapumira ntchito pa sekondale ina muno mu Lusaka. Atapuma anakhazikika ku Kabwata, m'kanyumba ka zipinda ziwiri komwe anatsalamo okha akazi awo atamwalira. Anali munthu wamtali, wosapupuluma polankhula, ndipo ngakhale popita kukagula tomato ankavala jekete.

Ana amene anadutsa m'manja mwawo amawakumbukira ndi chinthu chimodzi. Akafika pa nkhani za anthu wamba a ku Mangalande, belu linkalira iwo osalimva. Ankasimba za alimi amene anakana msonkho mu 1381 nakhamukira mu London, za oluka nsalu amene anaphwanya makina owalanda ntchito, ndi za khamu la ku Manchester limene asilikali a pa akavalo analitema ndi malupanga mu 1819 chifukwa chofuna kuvota. Anthu amenewa ankawakonda ngati abale awo.

"Amphawi a kumeneko sagwada," ankatero. "Akaponderezedwa amatuluka mumsewu."

Iwo eni ku Mangalandeko sanapondeko. Amene anapondako ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Bethany. Iyeyu anamaliza unamwino, koma anatha zaka zitatu osalembedwa ntchito, akugulitsa zitenje zooda ku msika wa Kamwala. Mu 2022 anapeza ntchito yosamalira okalamba m'tauni ina kumpoto kwa dzikolo, ndipo bambo ake anamuperekeza ku bwalo la ndege akunyadira.

Pa Sondo loyamba la Ogasiti 2024, ba Mpundu anabwera kuchokera ku tchalitchi napeza magetsi sanabwerebe, monga zinkachitikira chaka cha chilala chimenecho. Cha m'ma folo koloko foni inalira. Nkhope ya Bethany inaoneka mwachimbuuzi. Anali atakhala pansi m'bafa, atadzikhomera.

"Ba dadi, osakamba mokweza," ananong'ona. "Bafika mumsewu mwathu."

"Bandani?"

"Bantu bambili maningi. Baphwanya mawindo pa manyumba ya ise balendo."

Ba Mpundu anali atamva pa wailesi kuti m'matauni angapo a ku Mangalande mwabuka zipolowe zolimbana ndi anthu obwera, koma anaganiza kuti dzikolo ndi lalikulu. Tsopano phokosolo ankalimva ndi makutu awo: kukuwa, malikhweru, zitsulo kumenyedwa.

"Itana bapolisi, mwana wanga."

"Naitana kabili. Bakamba ati nikhale chabe mukati."

Kenaka kunamveka galasi kusweka. Bethany anakuwa, ndipo foni ya ba Mpundu inazima. Moto unali utatha.

Anatuluka akuthamanga, mkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri, nsapato yosamanga, kulunjika ku msika kwa ba Kabamba, ometa tsitsi amene anali ndi jenereta. Ba Kabamba anachotsa foni ya munthu wina pa chaja nalumikiza yawoyo. Inatenga mphindi khumi kuti iyake. Anaimba, osayankhidwa. Anaimbanso. Anaimba kambirimbiri, osayankhidwabe.

Amuna amene ankadikira kumeta anasiya nkhani za mpira. Mmodzi anapeza kanema wa zipolowezo pa foni yake nawapatsira. Ba Mpundu anavala magalasi. Anaona galimoto likuyaka, njerwa zikuuluka. Anayang'anitsitsa nkhope za oponya njerwawo. Sanali olemera. Anali amuna a zovala zotha, anyamata owonda, amayi ogwira ana kumanja. Anali amphawi a kumeneko, atatuluka mumsewu.

"Ba ticha, imwe mubaziba aba bantu," anatero ba Kabamba. "Bafuna chani kuli mwana wanu?"

Ba Mpundu anabweza foni ija kwa mwini wake.

Dzuwa likulowa, uthenga unafika wa mawu awiri okha: "Nili bwino." Pambuyo pake Bethany anafotokoza kuti njerwa inaswa windo la pabalaza, khamulo n'kupitirira. Anadzicheka dzanja potola magalasi.

M'mawa mwake ba Mpundu anakwera basi kupita m'tauni, ku ofesi ina yogulitsa matikiti a ndege mu Cairo Road. Mayi amene anawalandira anatembenuza pasipoti yawo, nawaonetsa kuti inatha mphamvu kalekale. Anawonjeza kuti ngakhale atapeza yatsopano, chilolezo cholowera ku Mangalande chimatenga masabata.

"Nanga mukafika mukachita chani, ba tate?" anafunsa mwaulemu.

Anatuluka nayenda pang'onopang'ono pakati pa ogulitsa m'njira mpaka ku siteshoni. Anakhala m'basi ya ku Kabwata akudikira kuti idzaze, envulopu ya pasipoti ili pamwendo.

Zipolowe zinatha sabata yomweyo. Mzungu wina wokalamba woyandikana ndi Bethany anabwera ndi thabwa nakhoma pa windo losweka. Bethany anabwerera ku ntchito dzanja lili ndi bandeji, koma anasiya kuyenda wapansi, ndipo ku tchalitchi anatha miyezi iwiri osapita. Akamva ana akukuwa panja ankazimitsa nyale.

Tsiku lina akulankhulana pa foni, bambo ake analimba mtima.

"Bethany, bwela kunyumba."

Pa foniyo, kumbuyo kwa Bethany, thabwa lija linkaonekabe.

"Nibwele kuchita chani, ba dadi? Nibwelele ku Kamwala na vitenge?"

Ba Mpundu anayang'ana pansi. Anamufunsa ngati wadya, iye anati wadya. Anamufunsa za dzanja, anati likupola.

Bethany akadali komweko. Anasamukira m'nyumba ya pamwamba, mumsewu wina, ndipo pa chitseko sanalembepo dzina lake. Ba Mpundu thupi lawachepera, koma safuna kuti mwana wawo adziwe. Akamalankhula naye amaika foni patali pang'ono.