Achimwene ndi Zibaluni Zawo

Achimwene anga anali wojambula zithunzi. Kwathu ku Dedza ankayenda pa njinga, kamera ili m'khosi, kuzungulira m'maukwati, m'matchalitchi ndi m'masukulu. Ankadziwa kudikira. Mwana akamalira ankamusiya alire kaye, iwo n'kumacheza ndi mayi ake za mvula, ndipo mwanayo akangoiwala n'kutembenuka, ankadina.

Anayamba ndi iwo kubwera ku London, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ine ndinawatsatira pambuyo pake nditapeza ntchito ya unesi, ndipo ndinkakhala ku Lewisham. Iwo ankakhala ku Tottenham, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu yogulitsa ufa ndi nsomba zouma, ndipo ntchito yawo inali yotsuka mabasi. Kamera anabwera nayo, yomwe ija ya filimu, koma inkangokhala m'sutikesi. Nditawafunsa chifukwa chake anati:

"Kuno aliyense ali ndi yake. Ukamuloza munthu kamera amakufunsa kuti wakuloleza ndani."

Chaka china, nyengo yotentha, a mpingo wathu tinachita hayala basi kupita ku ukwati ku Bristol. Achimwene anatenga kamera ija chifukwa mayi a mkwatibwi anawachonderera. Tinanyamuka mbandakucha. Titatuluka mumzinda, dzuwa litangoyamba kuwala m'minda, mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Taonani uko!"

Pamwamba pa minda panali zinthu zikuluzikulu, zofiira, zachikasu, zina zamizeremizere, zitangoti lende m'mwamba ngati zipanda zozondoka. Kunsi kwa chilichonse kunali dengu, m'dengumo muli anthu. Zinali zibaluni zija zouluka ndi moto. Ambiri tinali tisanazionepo ndi maso. Ana anathamangira ku mawindo, amayi akufunsana ngati anthuwo ali ndi mabanja owaletsa. Achimwene anatulutsa kamera, n'kugwada pampando, n'kuyamba kujambula pa windo. Pamene tinkafika ku Bristol filimu yonse inali itatha. Mayi a mkwatibwi sanawapatse moni mpaka Khirisimasi.

Kuyambira pamenepo achimwene anali ngati munthu wogwidwa ndi mizimu. Anafunsira uku ndi uku mpaka anadziwa kuti zibaluni zimauluka m'mamawa kapena chakumadzulo, komanso pokhapokha ngati kulibe mphepo. Tsiku lopuma likafika ankakwera sitima kupita ku Kent kapena ku Essex, n'kukaima m'mphepete mwa munda wa eni ake, maso ali kumwamba. Nthawi zambiri ankabwerako chimanjamanja, nsapato zili matope okhaokha. Ndinawaperekezako kangapo. Ndinkanyamula tiyi ndi mandazi, n'kumadandaula za kuzizira, iwo n'kumandiuza kuti, "Iwe, takhala chete, umve." Chifukwa chibaluni umayamba wachimva usanachione: moto wake umati fuuu, n'kukhala zii, n'kutinso fuuu.

Khoma la kachipinda kawo linadzaza ndi zithunzi. Panalibe munthu ngakhale mmodzi woti ungamuzindikire nkhope, koma achimwene ankadziwa chibaluni chilichonse, kumene anachipeza ndi mmene kunachera tsikulo.

Anagwa ali kuntchito, masana, payipi ya madzi ili m'manja. Inali sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti Chingerezi chinawathawiratu. Munthu amene ankakangana ndi madalaivala a basi m'Chingerezi anatsala ndi Chichewa chokha, nachonso chotuluka movutikira, liwu limodzilimodzi. Atatuluka m'chipatala anawapezera malo kunyumba yosamalira odwala kumpoto kwa London. Osamalira ake anali anthu abwino, koma achimwene akati "madzi" iwo ankabweretsa bulangete. Osamalirawo ndinawaphunzitsa mawu angapo a Chichewa. Komabe achimwene anayamba kusiya kupempha. Ndinkachoka ku Lewisham ndikaweruka, sitima, sitima ina ya pansi, kenako basi, n'kukawapeza atatembenukira kukhoma.

Ine ndine nesi. Ndasambitsa anthu ambiri ofa ziwalo, ndipo ndimadziwa mawu oti ndiuze abale awo. Koma kwa achimwene anga mawuwo sankatuluka. Ndinkangowapesa tsitsi ndi kuwauza nkhani za kumudzi zimene ndamva pa foni.

Kupatula ine, amene ankabwera kawirikawiri anali bambo wina wa kumpingo kwathu, wa ku Chipata, woyendetsa takisi. Iye sankadziwa kukhala chete. Ankalowa akufuula kale kuti, "Bamudala, muli bwanji? Mukali gone?" ndipo ankawafotokozera za mpira kaya akumvetsera kaya ayi.

Tsiku lina mu June ndinawapeza atakhala pa chikuku pafupi ndi windo. Kunja kunali kotentha, mitengo itangoti chilili. Anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anati:

"Mphepo... kulibe."

Ndinamva chimene ankatanthauza. Ndinapita kubafa kukalira kuti asandione. Nditamuuza bambo wa ku Chipata uja, anandiyang'ana ngati ndine wopepera.

"Manje vuto ili kuti, sisi? Motoka ilipo. Pa Chibelu tizabatenga."

Loweruka limenelo kunali mphepo, ndipo tinalephera. Lotsatira lake kunacha bwino. Ndinakatenga kamera m'katundu wawo amene ndinkasunga kwanga, ndinagula filimu, ndipo chakumasana tinawakweza achimwene m'galimoto, chikuku kumbuyo. Njira ankaidziwa ndi iwo. Tikafika pamphambano ankakweza dzanja lamanzere n'kuloza, ndipo bambo uja ankati, "Mwaona? Bamudala ni mapu."

Tinafika pa dambo lina lalikulu ku Essex dzuwa litapendeka. Panali magalimoto okoka ngolo ndi anthu ochepa oonerera. Kukankha chikuku pa udzu kunavuta, moti tinachita kuchinyamula awiri, achimwene ali pomwepo ngati mfumu ya pa machira. Eni zibaluni anayala nsalu zazitali pa udzu, n'kuyatsa makina opemerera mphepo, nsaluzo n'kuyamba kutupa. Kenako anayatsa moto. Chibaluni choyamba, chofiira ndi choyera, chinadzuka pang'onopang'ono mpaka chinaima, chachitali kuposa tchalitchi cha kwathu.

Ndinaika kamera pamiyendo pawo. Anaigwira ndi dzanja lamanzere, n'kuikweza mpaka pa diso. Batani lodinira lili kumanja, ndipo chala chawo sichinkafikako. Anayesa kuitembenuza, anayesa kuitsamiritsa pachibwano, mpaka inawapulumuka n'kugwera pamiyendo. Chibaluni chija chinanyamuka, anthu a m'dengu akubayibitsa. Achimwene sanachiyang'ane n'komwe. Ankayang'ana dzanja lawo lamanja limene linali gone pabondo.



Ndinagwada kumanja kwawo. Ndinatola kamera, n'kuibwezera m'dzanja lawo lamanzere, ine n'kugwira mbali inayo, chala changa pa batani.

"Achimwene, inu muziyang'ana. Mukandiuza ndidina."

Poyamba anakana ndi mutu. Koma chibaluni chachiwiri chinali chitayamba kudzuka, chobiriwira, ndipo ndinamva kamera ikusunthira kudiso kwawo. Mutu wanga unagundana ndi wawo. Ndinkamva fungo la sopo wa kunyumba ya odwala ija ndi kupuma kwawo kolemera. Ine sindinkaona kanthu koma khutu lawo ndi imvi.

"Ndidine?"

"Dikira."

Moto unalira. Mthunzi waukulu unatidutsa.

"Achimwene, chikupita."

"Dikira... Tsopano!"

Ndinadina. Kenako ndinakoka kachitsulo kopititsa filimu patsogolo monga ankachitira iwo, ndipo tinayambanso. Madzulo amenewo achimwene analankhula mawu ambiri kuposa amene analankhula miyezi yonse ya m'mbuyo. "Kweza." "Ayi." "Kumanzere, iwe." Bambo uja ankatembenuza chikuku kulondola kumene zibaluni zikulowera, ine ndikukwawa ndi maondo pambali. Mzungu wina wachikulire anaima n'kumationerera, ndipo atafunsa ngati tikufuna thandizo, achimwene anamuyankha m'Chichewa kuti achoke, akutchinga kuwala.

Zibaluni zinapita zonse, zikuchepa kuseri kwa mitengo. Dambo linatsala ndi mikwingwirima ya matayala. Maondo a diresi langa anali obiriwira. Pobwerera achimwene anagona m'galimoto, kamera ataifumbatira pamimba.

Zithunzi ndinakatsukitsa pa shopu ina ya mumsewu waukulu wa ku Tottenham. Wogulitsa anandiuza kuti masiku amenewo obwera ndi filimu anali atatsala ochepa. Nditawapititsira achimwene, anaziyala pabedi n'kumazisuntha ndi chala chimodzi. Zambiri zinali zopendekeka. China chinali ndi dengu lokha, china thambo lopanda kanthu ndi kansonga kobiriwira pakona. Anachinyamula chimenecho, n'kundiyang'ana.

"Chala chako... n'chaulesi."

Anaseka, kuseka kwa mbali imodzi, malovu akutsika, ndipo ine ndinaseka nawo ndikuwapukuta. Pa zonsezo anasankhapo zitatu zimene anati n'zabwino. Atatha anaziunjika pamodzi, n'kunena bwinobwino, mosadodoma, ngati anakhala akuyeserera:

"Ndikufuna kupita kwathu."

Ndinawatsutsa. Ndinawauza za mankhwala, za mafizo, za msewu wa kumudzi umene chikuku sichingayendemo. Anangondimvetsera mpaka ndinatopa. Kenako anati, "Kumeneko... akandimva."

Ndinawaperekeza ndekha masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo ya ku London. Achemwali athu aakulu anatichingamira ku Lilongwe, ndipo anawatengera kunyumba kwawo ku Dedza. Ndinakhalako masabata ochepa n'kubwerera kuntchito. Pa foni ankalankhula pang'ono, koma achemwali ankati masana amakhala pakhonde, anthu odutsa n'kumaima kucheza nawo, ambiri a iwo oti achimwene anawajambulapo pa ukwati kapena pa ubatizo.

Achimwene anamwalira nthawi ya dzinja, chimanga chili m'maondo. Sitiroko yachiwiri. Foni inandipeza ndili pa wodi, ndikugawa mankhwala a m'mawa. Mwambo wa maliro unali mawa lake, ndipo panalibe ndege imene ikanandifikitsa. A mpingo anasonkhana kwanga ku Lewisham, tinaimba nyimbo m'kachipinda kochezera mpaka aneba anagogoda khoma. Bambo wa ku Chipata anakhala pakona, chipewa chili m'manja.

Kumanda ndinakafika chaka chotsatira. Titachokako, tili pamkeka kuseri kwa nyumba tikusenda nandolo, achemwali anandifunsa mosayang'ana kwa ine:

"Kodi iwe, m'mwambamo simunkachita mantha?"

"M'mwamba muti?"

"M'chidengu chija. Ankauza aliyense pakhondepa kuti tsiku lomaliza munakwera nonse, iwe ndi iwo ndi mnzawo wa ku Zambia. Ankati London yense ankaoneka ngati munda wa fodya, ndipo iwe unatseka maso ulendo wonse."

Ndinasiya kusenda. Achemwali anadikira, kenako anatukula mutu.

"Kapena sizinali choncho?"

"Maso ndinatsekadi," ndinatero. "Ndinkaopa."

"Ndinadziwa," anatero achemwali. "Iwe ngakhale mumtengo wa mango sunkakwera."

Anandikankhira lichero kuti ndipitirize.