Lipenga Lachiwiri Kuseri kwa Chinsalu

Thaddeus Mabry anayamba kuliza lipenga m'tchalitchi cha kwawo ku Ohio ali kamnyamata kosatha n'kumanga komwe zingwe za nsapato. Bambo ake, omwe ankagwira ntchito pafakitale yosungunula zitsulo, anamugulira lipenga lakutha kuti aleke kugogoda mapoto a amayi ake. Phokoso silinathe, linangosintha mtundu. Koma pofika kusekondale, azimayi a kwaya ankapukuta misozi iye akayamba kuliza, ndipo abusa ankafupikitsa ulaliki kuti amupatse mpata, chinthu chimene akuluakulu a mpingo anali atachipempherera zaka zambiri osayankhidwa.

Anapita kusukulu ya nyimbo n'kutulukako ndi loto lomwe anzake onse anatuluka nalo: kupeza mpando mu okestra, gulu lija la oimba ndi zida zosiyanasiyana lotsogozedwa ndi munthu wa kandodo. Vuto lake mipandoyo ndi yochepa, ndipo amene waukhala sachokapo mpaka imvi kapena bokosi.

Magulu amenewa ndi zala za m'manja, salingana. La mumzinda waukulu lili ndi oimba pafupifupi zana, malipiro chaka chonse, tchuthi, ndiponso inshuwalansi ya kuchipatala yoti ngakhale dzino likagwedera abwana amalipira. A m'matauni ang'onoang'ono ali ndi theka la anthu amenewo ndipo amalipira ngati ganyu: waliza lero, walandira za lero; chilimwe chikafika holo atseka, aliyense akaone msana wa njira. Thaddeus anapeza malo m'magulu awiri otere, lina ku Harlow Falls, lina ku Brandt, pakati pake msewu wautali wa minda ya chimanga yokhayokha. Suti yakuda inkakhala ili lende kumbuyo kwa galimoto, ndipo nkhomaliro yake inali buledi ndi khofi wogula pomwetsera mafuta.

Mkazi wake Corinne, yemwe anali namwino, ankamunena. "Kodi ine ndinakwatiwa ndi munthu kapena galimoto? Ana ako akukudziwira nyali zakumbuyo, Thad."

Tsiku lina okestra yaikulu inamuitana. Woliza lipenga lachiwiri anali atadwala msana, ndiye ankafuna womugwirizira kwa sabata imodzi. Sabata ija inabala miyezi, miyezi inabala zaka. Mwini mpando ankabwera, n'kudwalanso, n'kubweranso, ndipo ku ofesi sankathamanga: wogwirizira amalipidwa pa tsiku, alibe tchuthi, alibe inshuwalansi, athamangirenji? Masiku atayamba kuwombana, Thaddeus anasiya Harlow Falls, kenako anasiya Brandt. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, koma munthu amene wamva kukoma kwa kuliza pakati pa oimba zana simungamuuze zimenezo.

Ntchito ya lipenga lachiwiri ndi kubisala. Woyamba ndiye amatsogola. Wachiwiri amamvetsera mpweya wa mnzakeyo, amalowa pambuyo pake pang'ono chabe, n'kukhala pansi pa mawu ake kuti omvera amve ngati lipenga limodzi lonenepa. Woyamba anali Walt Kowalczyk, mzungu wa mimba yake, wanthabwala, wokonda masoseji. Thaddeus anamuphunzira mpaka ankadziwa kuti lero Walt wagona bwino kapena wakangana ndi akunyumba, pongomva mmene wakokera mpweya.

"Aise, iwe ndiwe mthunzi wanga," Walt ankatero. "Mkazi wanga sandimvetsera ngati mmene umandimvetserera iwe."

"Mkazi wako ali ndi nzeru," Thaddeus ankayankha. "Ine amandilipira."

Pagulu lonselo nkhope zakuda zinali ziwiri, yake ndi ya mayi wina wa vayolini. Mwezi wa February ukafika, umene amakumbukira mbiri ya anthu akuda, wojambula zithunzi ankamuchotsa kumbuyo kumene amalipenga amakhala n'kumuimika patsogolo. Pachithunzi anali mwana wa m'nyumba, ku ofesi anali mlendo. Zinkamuwawa, koma ankamwetulira, chithunzi n'kukapachikidwa pakhomo la holo.

Pamapeto pake mwini mpando anapuma ntchito, ndipo mpando unalengezedwa. Thaddeus anali atadutsa zaka makumi asanu. Milomo ya woliza lipenga imakalamba msanga kuposa mwini wake, choncho ankadziwa kuti mwayi wina sudzabweranso.

Mwambo wake ndi wakuti aliyense, ngakhale amene wagwirizira mpandowo zaka, amayesedwa kuseri kwa chinsalu chachikulu. Oweruza amakhala mbali ina, woyesedwa mbali ina. Saloledwa kulankhula, amatchulidwa ndi nambala, ndipo pansi amayala kapeti kuti nsapato zisaulule ngati wabwerayo ndi mwamuna kapena mkazi. Chinsalucho chinabwera kuti akazi ndi anthu ngati Thaddeus asamakanidwe asanalize n'komwe, ndipo iye ankachilemekeza ndi mtima wonse.

Kutatsala masiku ochepa, Walt anamutengera kulesitilanti n'kumuyandikira khutu. "Tamvera, ine ndili m'gulu la oweruza. Ukalowa, ungouzira malovu a m'lipenga kawiri, fwii fwii, usanayambe. Zotsalazo undisiyire."

"Ayi, Walt."

"Usakhale m'busa iwe! Ndani angadziwe?"

"Ndidziwa ndine. Mawa adzati anamulowetsa chifukwa ndi wakuda, kapena chifukwa amadya masoseji ndi Walt. Komanso iwe ungalephere kundizindikira? Zaka zonsezi ndili pambali pako?"

Walt anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Ndingakuzindikire ndili m'manda, mkulu."

Tsikulo linacha ndi chipale chofewa. M'zipinda zodikirira munadzaza anyamata ndi atsikana ochokera kutali, ena a msinkhu wa ana ake, aliyense akuliza mokweza ngati akuitana ng'ombe kutsidya. Nthawi yake itakwana, Thaddeus anayenda pakapeti paja, anaima yekha kutsogolo kwa chinsalu, nakweza lipenga.

Anakoka mpweya, n'kudikira. Kunali kudikira kwakung'ono, kosakwana kuphethira kwa diso, kumene thupi lake linazolowera kuti Walt alowe kaye. Kenako analowa mofatsa, pansipansi, akusiya malo pamwamba oti mawu a mnzake adutsemo. Mnzakeyo panalibe. Anadzimva yekha, anadziwa chimene akuchita, anayesa kukankha mawu kuti atuluke, koma chimene thupi laphunzira kwa zaka silichisiya m'mawa umodzi. Ali pakati pa kachigawo kachiwiri ka nyimbo, mayi woyendetsa mayeso anayankhula mwaulemu.

"Zikomo."

Aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa tanthauzo la zikomo ameneyo: lekera pomwepo, walephera. Thaddeus anabweza lipenga m'chikwama chake, anatsika masitepe, n'kukalowa m'galimoto. Sanailize. Anakhala momwemo foni ili m'manja, akusowa poyambira kumuuza Corinne. Ku Harlow Falls ndi ku Brandt kunali kutalowa kale anthu ena. Anamva chisoni, komanso manyazi, ngati mwana amene wabwezedwa pakhomo la sukulu.

Dzuwa litapendeka, wina anagogoda pagalasi. Anali Walt, wopanda ndi chipewa chomwe, akupuma mwawefuwefu.

"Iwe, unali kuti? Ndafunsa mayina a amene adutsa, lako mulibe! Wachita mantha, eti? Sunalowe?"

"Ndinalowa."

"Usandinamize. Ndatchera khutu tsiku lonse, mpaka mutu kuwawa. Ana awa ankaliza ngati akugwetsa khoma, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamveka ngati iwe." Anapukusa mutu. "Panali kamkulu kena m'mawa, mawu okoma ndithu, osalala, koma kamantha. Kankaliza ngati munthu woima pakhomo kudikira wina atsogole. Ndinati uyu atitayitsa nthawi, ndipo ndine ndinayamba kukweza dzanja kuti..."

Anayang'ana mnzake, anayang'ana chikwama cha lipenga pampando, nkhope yake yofiira n'kuyamba kutuwa.

"Thad," anatero motsitsa. "Ayi."

"Sunalakwe, Walt. Unamva bwinobwino. Ndimadikira iwe."

Walt anagwira chitseko cha galimoto ndi manja onse awiri, misozi ikutsikira m'ndevu, akubwerezabwereza kuti akalankhula nawo, akawafotokozera, payenera kukhala njira. Onse awiri ankadziwa kuti njira palibe. Thaddeus anamugwira dzanja, n'kulichotsa pachitseko pang'onopang'ono.

"Lowa m'kati, uzizidwa," anamuuza. "Akukudikira kuti musankhe munthu."