Atate ndi Bango Pakhonde

Atate anga kamera ankaipatsa ulemu wopitirira. Ukangonena kuti tijambule, ankalowa m'nyumba, kuvala jekete, kupesa tsitsi, n'kudzaima njo, manja m'mbali, nkhope itauma gwa. Anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, ndipo tikukhalabe ku Kabwe, m'dera la Railways, m'nyumba imene tinabadwira, koma pa zithunzi zonse zimene tinali nazo panalibe chosonyeza munthu amene ife tinkamudziwa.

Zimenezi ndinazizindikira amayi atamwalira. Tinafufuza zithunzi zawo, zonse zinali za kuukwati ndi kutchalitchi, atatseka pakamwa. Chonsecho anali munthu woti akaseka anansi ankamvera kuseri kwa mpanda. Ndiye chaka chatsopano chitalowa, anzanga akulonjeza zochepetsa thupi, ine ndinadziuza kuti chaka chino ndijambula atate monga alili.

Zithunzi zoyamba zinali zomvetsa chisoni. Zina zakuda bii, zina ngati ndajambulira mu utsi. Mng'ono wanga amene amaphunzira ku yunivesite ya Mulungushi anali kunyumba patchuthi. Anatenga foni yanga, n'kuiyang'ana kumbuyo, n'kuphulika kuseka.

"Asisi, galasi ya kamera ili na mafuta! Muzipukuta. Na dzuwa izinkhala kumbuyo kwanu, osati kwa atate."

Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje chake. Anandionetsanso kuti munthu akakhala pansi, nawenso unjute, usamujambule uli chiimire.

Vuto linatsala kwa eni ake. Atate anali ndi makutu akuthwa. Ndikangosendera, ankatembenuka.

"Iwe, uchita chani? Yembekeza nivale."

"Ayi atate, khalani chabe mmene mulili."

"Anthu akaone kuti ndine wosauka?"

Ndinkaseka n'kubweza foni m'thumba.

Tsiku lina masana mvula itangokata, ndinawapeza pakhonde atakhala pa kampando kawo, atavala vesti, akudya bango la mumtengo wathu wa mango. Mitambo inali itayera, kuwala kukugwera bwino pankhope pawo. Ndinanjuta pafupi ndi chitseko osalankhula. Nthawi yomweyo sitima inalira cha kusiteshoni. Atate anatukula mutu, bango lili m'manja, madzi ake akuchucha pachibwano, n'kumwetulira okha. Ndinadina.

Nditawaonetsa chithunzicho ndinkayembekezera kukalipiridwa. Anapukuta manja, kuvala magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Awa ni atate anga," anatero motsitsa mawu.

Ndinaganiza kuti sanaone bwino. "Ndinu, atate."

"Nidziwa. Koma ona mphuno iyi. Ona mmene apendekera mutu. Ni iwo."

Agogo anga aamuna anamwalira kumudzi ku Petauke ine ndisanabadwe, ndipo sanajambulitsepo chithunzi moyo wawo wonse. Atate anali asanatiuzepo zambiri za iwo. Masana amenewo anayamba okha: kuti agogo ankaluka mphasa, kuti ankaimba akamalima koma mawu awo anali oipa, kuti tsiku limene atate ankanyamuka kubwera ku Kabwe agogo anawaperekeza mpaka kumsewu, kenako n'kuwapatsa nsapato zimene anavala iwowo, n'kubwerera kumudzi opanda nsapato. Mng'ono wanga anasiya mbale zimene ankatsuka n'kudzakhala pansi pambali panga.

M'mawa mwake atate anandituma kutauni kukatsukitsa chithunzicho. Anati nditsukitse ziwiri. Chimodzi anapatsira munthu wopita ku Petauke kuti akapereke kwa mlongo wawo, azakhali anga, amene anatsala okha kumudziko.

Patapita masiku azakhali anaimba foni. Ndinkawamva ndili kukhitchini, akulira kwinaku akuseka. Anati mvula ikatha tipite, ndipo ine ndisaiwale foniyo, chifukwa nawonso akufuna kujambulidwa ali m'munda mwawo mwa mtedza. Tinapitadi nthawi yokolola. Ulendo wonse atate anakhala kuwindo la basi, akundikodola kuti ndijambule phiri lililonse limene ankalikumbukira.