Mabwana Awiri pa Thanki Imodzi

Kwathu ku Mikolongwe kunali makampani awiri akuluakulu ogula mkaka, onse okhala ndi mafakitale m'tauni. Ine ndinkatsuka zigubu pamalo ogulira mkaka a kampani ya bwana wachikulire. Mng'ono wanga ankatsuka pamalo a kampani inayo, ya bwana wachinyamata. Ndinkagwira ntchito mwana ali kumbuyo, ndipo palibe ankandifunsa kanthu. Kwa munthu wamanyazi ngati ine, amene sukulu ndinalekezera panjira, ntchito imeneyo inkandikwana.

Tsiku lina tinamva kuti makampaniwo aphatikizana. Malo athu anatsekedwa, tonse tinapita ku thanki yoziziritsira mkaka ya kampani inayo. Wotsuka ankafunika mmodzi. Anatiitana awirife, mabwana onse ali pomwepo.

"Mumatha kuyankha foni?" anafunsa bwana wachinyamata.

"Ngakhale ziwiri nthawi imodzi, bwana," anatero mng'ono wanga.

Mabwana anaseka. Ine ndinangoyang'ana zala za kuphazi, mwana n'kuyamba kulira. Ndinkayembekeza kuti bwana wanga andinenera mawu, koma maso awo anali pa chikwangwani chatsopano, pamene dzina la kampani yawo linalembedwa pansi pa dzina la anzawo.

Mng'ono wanga anapatsidwa yunifolomu ndi majombo oyera. Njira yachidule inalipo, koma m'mawa uliwonse ankadzera pakhomo panga.

"Achemwali, mwadzuka? Tamvani fungo la sopo wa masiku ano. Si uja munkatsukira inu, wonunkha ngati mankhwala a nkhupakupa."

"Majombowo akukukulira," ndinkamuyankha, ndikusesa pamene ndasesa kale.

Sanali kumukulira. Ankamukhala bwino, ndipo zimenezo n'zimene zinkandiwawa. Ndinamulera ndine, kutsuka chigubu ndinamuphunzitsa ndine, koma azimayi pa mjigo anayamba kumupatsa malo kuti atunge msanga, poti ndi wa ku ofesi.

Madzulo ankabwera kudzandifotokozera za kuntchito. Akuti mabwanawo anagwirizana kuti onse ndi ofanana, ndiye palibe ankalola kuti chake chichotsedwe. Aliyense anasunga lole yake ndi dalaivala wake. Malole ankafika onse awiri tsiku limodzi kudzalimbirana mkaka womwewo, mawa lake osabwera n'imodzi yomwe, aliyense akuti ndi tsiku la mnzake. Ndinkanamizira kuti ndikuyamwitsa, koma makutu anali kwa iye. Mumtima ndinkati akalekana, bwana wanga adzatsegulanso malo athu, ine n'kubwerera pa zigubu zanga.

Madandaulo atachuluka, anaitanitsa msonkhano wa alimi m'mawa, asanayeze mkaka. Ndinapita nditasenza wa ng'ombe ya apongozi anga. Tinandandalitsa zigubu pabwalo n'kukhala pansi.

Kwathu kuno pamsonkhano wamkulu ndiye amayankhula pomaliza, ndipo akatha palibenso woimirira. Bwana wachinyamata anayankhula, bwana wachikulire n'kutseka bwinobwino. Tinaomba m'manja. Koma wachinyamata uja anaimiriranso.

"Kungowonjezera pang'ono pa mawu a bambo athuwa."

Atakhala pansi, achikulire aja anadzuka. "Mwana wangayu wayankhula bwino, koma ndikonze pamodzi."

Zinapitirira choncho. Akatekisiti amene anapemphedwa pemphero lotsekera ankati akaimirira n'kuvula chipewa, bwana wina ali chilili kale, iwo n'kukhalanso. Kuchoka sitikanatha, poti akulu akuyankhula. Dzuwa linasuntha, mthunzi unathawa pa zigubu. Bambo wina kumbuyo kwanga anatsegula chake, ananunkhiza.

"Abale, ndani ali ndi shuga? Wanga wasanduka chambiko, tingomwa pompano."

Tinaseka chamumtima. Mng'ono wanga anali pakhonde, pamthunzi, atanyamula madzi a m'botolo a mabwana. Nkhope yake inalibe thukuta ngakhale dontho.

Atayeza, mkaka wambiri anaukana kuti wasasa. Kuyambira sabata imeneyo alimi anayamba kugulitsa kwa mavenda a njinga opita ku Limbe. Mvula isanagwe, tinamva kuti mabwana aja alekana.

Ndinatenga tsache ndi kukasesa pamalo athu akale. Ndinazula chisoso pakhomo, ndinachotsa zisa za mavu. Bwana wachikulire atabwera ndi lole, ndinalimba mtima monga sindinachitepo, ndinagwada pafupi ndi galimoto.

"Bwana, titsegula liti?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Pepani mayi, ndinu mkazi wa ndani?"

Ndinawauza kuti ndine uja wotsuka zigubu. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma ndinaona kuti sakundikumbukira. Anati iwo atopa, gawo lawo agulitsa, angobwera kudzatenga sikelo ndi malata.

Bwana wachinyamata anamutenga mng'ono wanga kupita naye ku fakitale m'tauni. Ine pano ndimapalira nandolo m'minda ya anthu. Mwezi watha mng'ono wangayo anatumiza kamalaya ndi tinsapato ta mwana wanga. Ndinazisunga m'chikwama masiku angapo osazikhudza. Lamulungu ndinamuveka popita ku misa, ndipo anthu anachita kutiimitsa panjira, kufunsa kuti zokongola chonchi tazigula kuti.