Loja Nayenso Amaliridwa

Bambo anga anasankha nyengo yoipa yofera. Anatisiya m'masiku a mvumbi, pamene Epworth yense amasanduka phala, nsapato n'kumatsalira m'matope mwini wake akupitirira. Anamwalirira kuchipatala, ndipo ine ndi amayi tinabwerera kunyumba cham'mawa titanyowa mpaka m'mafupa. Ndikuti kunyumba, koma zinali zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya munthu. Tinali maloja, anthu a lendi, ndipo loja ku Harare saloledwa kuiwala kuti pamene wapondapo pali mwini wake.

Mwini wakeyo tinamupeza pakhonde atavala jombo za mphira, uthenga utamufika kale. Kupepesa anapepesa, pamenepo sindingamunamizire. Anawagwira dzanja amayi, n'kuweramitsa mutu monga amachitira anthu. Kenaka anakonza kukhosi.

"Koma lamulo la pano mukulidziwa, amayi. Maliro a loja sachitikira pa stendi yanga. Pasamveke kulira, pasayake moto, nsalu yofiira pageti ayi. Atengereni kumusha kwanu."

Kumusha ndiye kumudzi, ndipo iye ankadziwa bwino lomwe kuti ife tilibe. Agogo anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito, osabwereranso. Bambo anabadwira papulazi ya fodya kuno komwe, ndipo Dedza ankangomumva m'nyimbo. Mudzi wathu unali zipinda ziwirizo basi.

Amayi anangoti, "Tamva, bambo." Analowa m'nyumba, n'kukhala pamphasa, n'kuyamba kulira chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Mkazi amene wakhala ndi mwamuna mpaka imvi, ankameza kulira kwake poopa kusokoneza wailesi ya alandilodi. Sindinakwiyepo m'moyo mwanga monga ndinakwiyira poona zimenezo.

Kwa ife, maliro amayamba ndi moto. Usanafike mtembo, lisanafike bokosi, panja pamayaka moto ndipo suzima mpaka anthu atabwerako kumanda. Odutsa akaona utsi ndi nsalu yofiira amapatuka okha, osadikira kuitanidwa. Popanda moto munthu amangochoka kumotchale kupita kudzenje ngati katundu wosowa mwini. Ndipo munthu amene alandilodi ankafuna kumuchita zimenezo anali bambo anga, amene anathera moyo wawo akuyatsa moto pamaliro a anzawo. Munthu akamwalira m'dera lathu, mvula kaya mphepo, anthu ankati kaitaneni mdala uja.

Luso limenelo analitenga kuntchito. Anali khukhi wa banja lina la azungu okonda kukagona kuthengo, ndipo kumeneko ankaphika pamoto wa pansi nyengo iliyonse. Anabwerako ndi kachitsulo kakuda, kotalika ngati chala, kamene ankamangirira pachingwe cha makiyi. Ukakakwecha ndi msana wa mpeni kamalavula mbaliwali, ngakhale utangokavuula m'madzi. Tili ana tinkakayesa mankhwala. Tsiku limenelo kanali m'thumba langa, chifukwa anamwino anandipatsa makiyiwo pamodzi ndi malaya a bambo.

Ndinatuluka n'kukaima pamaso pa alandilodi.

"Bambo, stendi yanu imathera pati?"

Anandiyang'ana modabwa, n'kuloza fensi.

"Nanga kunja kwa fensiko ndi kwa ndani?"

"Ndi msewu umenewo. Ngwa khonsolo."

"Zikomo," ndinatero, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga anandilerera makolo anga.

Nkhuni ndinakagula kwa mayi wina wogulitsa pakona. Zinali zipika zonyowa moti ukanazifinya zikanatuluka madzi. Ndinazitula m'mphepete mwa msewu, kunja kwa geti, pamalo okwera pang'ono pamene madzi sankadikha. Ndinayamba ndi machesi ngati wina aliyense. Koma denga lathu linkadontha, ndipo machesiwo anali atamwa chinyontho. Ndikakwecha, mutu wake unkangofufuzika n'kusiya mzere wofiira pabokosi. Ndinagogoda kwa maloja anzathu kupempha khala la moto kapena laita. Chitseko china sichinatsegulidwe ngakhale ndinkamva anthu akupuma mkatimo. China chinatseguka pang'ono, mayi wake n'kunong'ona kuti, "Pepa asisi, tili ndi ana, tingathamangitsidwe." Mpaka lero timangopatsana moni wa pamsewu.

Ndikubwerera pamulu wa nkhunizo, ndinaona mdala wa ku Chipata akubwera ndi ndodo yake, thumba la pulasitiki atalivala kumutu. Anali mnzawo wa bambo wa ponda apa n'pondepo, amene anagwira ntchito m'fakitale ina ku Southerton mpaka msana unapindika. Anandigwira dzanja. Kenaka anaona nkhuni zija, n'kuona nsalu yanga nditaikwinyira m'chiuno.

"Iwe mwana, ukuchita chiyani? Mkazi sayatsa moto wa maliro. Zimenezo ndi za amuna."

"Amunawo ali kuti, bambo? Achimwene ali ku Joni, akufunafuna basi. A m'bwalo muno adzitsekera. Yatsani inuyo."

Ndinawapatsa kachitsulo kaja. Anakayang'anitsitsa, chifukwa ankakadziwa. Anayesa kukagwira ndi mpeni, koma manja awo ankagwedezeka moti zitsulo ziwirizo sizinkakumana. Anandibwezera osandiyang'ana kumaso.

"Zvakaoma," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti n'zovuta. "Kabweretse lata ndikugwirire pamwamba. Wina akafunsa, ndinena kuti ndinali pomwepo."

Ndinazula lata lakale limene tinkatchingira pobafa. Mdalayo analisenza pamutu, mbali ina n'kuigoneka pafensi, pansi pake n'kukhala kamthunzi kokwana munthu wogwada. Ndinayala njerwa kuti moto usakhudze dothi lonyowa. Chinatsala chinali nkhuni youma, ndipo m'nyumba mwathu, kupatula chitseko, munali mitengo iwiri yokha youma. Wina unali mpando wa bambo, koma katundu wa womwalira sakhudzidwa abale asanakumane. Unzake unali tebulo langa limene ndinkayalapo tomato ndi anyezi pamsika. Ndinalikoka mpaka panja, amayi akundiyang'ana, n'kulimenya nkhwangwa. Tebulo limenelo ndi limene linkatidyetsa, ndipo mtima unandipweteka, koma nkhwangwa sindinaiike pansi.

Matabwawo ndinawawaza tizidutswa, tina tochepa ngati zala, tina ngati zotokosera mano. Ndi mpeni ndinapala timapalapala topyapyala topindika, n'kutisunga m'kati mwa bulauzi kuti tisanyowe. Bambo ankati moto wa mvula umayamba ndi zinthu zochititsa manyazi kuchepa, ndipo wofulumira kuikapo chipika amagona ndi njala. Choyambira chenicheni ndinachipeza pawindo la kuchipinda kwawo. Panali thonje lotsala limene ndinkawatsukira zilonda za kumsana miyezi imene anagona osadzuka. Ndinalitosa m'botolo la mafuta odzola, n'kulimwaza ndi zala kuti likhale nyankhalala.

Ndinagwada m'matope n'kukwecha. Mbaliwali zinatulukadi, koma dzanja langa la mpeni linapitirira n'kukankha thonje lonse kugwera m'madzi. Ndinatukwana mawu amene sindingawalembe pano. Mdalayo anangoti, "Sindinamve." Ndinatenga thonje lina, n'kukwechanso mwaukali, zomwezo n'kuchitikanso. Madzi a palata ankandidonthera m'khosi n'kutsika ndi msana. Thonje linatsala kachidutswa kamodzi, ndipo manja anga anali atayamba kuuma ndi kuzizira.

Alandilodi anali atatsika pakhonde, ataima kuseri kwa fensi manja ali m'thumba.

"Mwanangu, siya zimenezo. Mvula iyi ngakhale petulo sangayake. Ukungodzichititsa manyazi."

Sindinatembenuke. Ndinatseka maso n'kuyesa kuona manja a bambo. Ndinawaonerera kambirimbiri, koma ndinali ndisanaganizepo kuti dzanja loyenda ndi liti. Mpeni sunkasuntha ayi. Ankaukhazika pafupi ndi choyatsiracho, dzanja litatsamira pansi, ndipo chimene ankakoka ndi kachitsuloko, kukabweza cham'mbuyo. Ndinatsamiritsa nkhonya panjerwa, n'kukhazika msana wa mpeni pamwamba pa thonje, n'kukoka.

Mbaliwali zinagwera pamalo amodzi. Thonje linada pang'ono, kenaka kalawi kakang'ono kachikasu kanaimirira. Ndinafuna kukuwa koma ndinaopa kukazimitsa ndi mpweya. Ndinaikapo timapalapala tija kamodzikamodzi, kenaka tizitokoso, kenaka tizidutswa tonga zala. Mphepo inabwera cham'mbali, ndipo ndinaitchinga ndi thupi langa mpaka nsidze zinapsa. Matabwa a tebulo atagwira, ndinaimika zipika zonyowa mozungulira kuti ziyambe zauma. Zinalira, zikutuluka thovu kumapeto, ndipo utsi woyera wochindikala unakwera n'kufalikira pamwamba pa madenga. Mdala wa ku Chipata ankatsokomola, misozi ili mbwembwembwe, koma lata sanalisiye.

Ndinavula duku langa lofiira n'kulimangirira kundodo ya mdalayo, n'kuizika m'matope pambali pa msewu. Pageti sindinalimangirire.

Pamenepo alandilodi anapita kuseri n'kubwera ndi ndowa yodzaza madzi. Anatsegula geti n'kuima pafupi nane. Ndinadzuka, matope akuyenderera m'miyendo.

"Zimitsa wekha kapena ndizimitse ine," anatero.

"Thirani, bambo. Mvula yalephera, yesani inuyo. Koma mudziwe kuti mukathira ndiyatsanso, ndipo mukathiranso ndiyatsanso. Chitseko cha chipinda chathu ndi chouma, ndipo ndinagula ndine."

Sindikudziwa chimene akanachita tikanakhala awiriwiri. Koma utsi unali utagwira kale ntchito yake. Mayi wogulitsa nkhuni uja anali atafika ndi mtolo wina pamutu, wosagulitsa. Amuna awiri amene ankakankha wilibala anali ataima n'kuvula zipewa. Kumunsi kwa msewu kunkabwera amayi a kumpingo kwathu, maambulera atatsatana, ndipo wotsogola anali atayambitsa kale nyimbo. Alandilodi anayang'ana anthuwo, n'kuyang'ana ndowa yawo, n'kuitula pansi pang'onopang'ono.

"Mwezi ukatha ndisakuoneni pano," anatero motsitsa mawu.

"Tamva, bambo."

Mawu amenewo sanali ongoopseza. Mwezi utatha tinasamukadi, katundu ali pangolo yokankha, kupita kuchipinda chimodzi chakutali ndi mjigo, kumene amayi akukhala mpaka pano. Tomato ndinagulitsira pathumba loyala pansi nyengo yonse ya dzinja. Alipo achibale amene amanenabe kuti mtima wanga wapachala unasowetsa mayi wokalamba pokhala. Mwina akunena zoona. Koma maliro n'kulirana, ndipo palibe wa iwo amene anali pamsewu paja m'mawa umenewo.

Anthu atachuluka, wina atabwera ndi lona, wina ndi mabenchi a kutchalitchi, ndinalowa kukawauza amayi. Ndinawapeza pomwe paja pamphasa. Zonse anali atazimva kudzera pawindo.

"Watichotsetsa nyumba, mwana iwe," anatero. "Tikagona kuti?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Mutu wako ndi wa abambo ako. Wouma ngati mwala."

"Moto wayaka, amayi. Anthu abwera."

Anamvetsera nyimbo ya panja. Kenaka anagwira khoma n'kudzuka. Nsapato sanavale. Anadutsa bwalo lonse la alandilodi ali duu, mutu uli chilili, kudutsa zitseko zotseka za maloja anzathu, kudutsa mwini nyumba amene anapatuka kuwapatsa njira. Lamulo la pastendi analisunga mpaka pageti. Phazi lawo litangoponda matope a khonsolo, anaika manja kumutu n'kulira mwamuna wawo ndi mawu onse amene anali nawo, moti amene anali asanamve m'dera lonselo anamva.