Manda a Mafumu Amene Sindinalowe

Tinanyamuka ku Dubai Marina Lachitatu m'mamawa, ine ndi a Papu. A Papu ndi bambo awo a madamu amene ndimawagwirira ntchito, Mgiriki wokalamba amene sitiroko inamukhazika pa njinga ya olumala. Ntchito yanga ndi kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwakankha. Kwa zaka zitatu nyimbo yawo inali imodzi: "Saidi, ndisanafe ndikakuonetsa manda a mafumu a Makedoniya." Ali mnyamata ankatuta dothi pa wilibala pamene akatswiri ankafukula mandawo kumudzi kwawo ku Vergina. Madamu atatopa nayo nyimboyo anagula matikiti.

Pali chinthu chimene sindinauze aliyense. Mkazi wanga ku Machinga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mimba ziwiri zoyamba zinapita padera. Dzulo lake la ulendowu amayi anga anandiimbira foni. "Ukupita kukaona manda? Mwamuna wa mayi woyembekezera saponda kumanda. Ukatitayitsanso mwana."

Ndege inatitula ku Athens patatha maola asanu, ina n'kutifikitsa ku Thessaloniki madzulo. Mzindawu ndi wa m'mbali mwa nyanja, nyumba zake zazifupi, makoma olembedwalembedwa ndi penti. Chinandidabwitsa ndi anthu. Amangokhala panja, khofi mmodzi maola atatu, popanda wowauza kuti yalla, fulumirani, ngati ku Dubai. A Papu anandigulira bugatsa, chitumbuwa cha kirimu chowaza shuga pamwamba, ndipo shugayo anathera pa malaya anga. Anaseka mpaka kutsokomola.

Lachinayi tinachita hayala takisi ya tsiku lonse pa mayuro zana ndi makumi asanu. Dalaivala wake, bambo wa ndevu zamvi, anandifunsa kuti Malawi ali pafupi ndi Bali kodi. Ndinati pang'ono.

Cha m'ma teni tinali ku Pella, kumene kunali likulu la mafumuwo. Mwa zotsala muli mizati ingapo ndi pansi pa nyumba zawo. Koma pansipo! Anthu akale anatola timiyala ta mumtsinje, toyera ndi takuda, n'kutindandalika mpaka kutuluka chithunzi cha amuna awiri akupha nswala. Ine amene ndimalephera kuyala matailosi anayi mowongoka ndinangoti kakasi. Apa mtima unali m'malo, chifukwa Pella ndi bwinja chabe, si manda.

Kuchoka apo msewu unadutsa m'minda ya mapichesi. A Papu ankaloza chilichonse: mtsinje umene ankasambamo, tchalitchi chimene anakwatiriramo. Ine ndinkangoti eya, eya, maganizo ali ku Machinga.

Tinafika ku Vergina itangokwana thuu koloko. Mandawo ali mkati mwa chulu chachikulu chomera udzu, ndipo njira yolowera imatsetsereka kupita mumdima. Ndinkaganiza kuti tikaonera patali, monga timachitira kwathu podutsa pa msitu wa manda. Ayi ndithu, kuno umagula tikiti n'kulowa m'manda mwenimwenimo, ana asukulu ali pambuyo pako akudya ayisikilimu.

Ndinakankha njinga mpaka pakhomo, n'kuima pomwepo. Ndinagwira pamimba.

"Papu, m'mimba. Mwina ndi bugatsa ija."

Bodza limeneli linatuluka mosavuta, ndipo mpaka lero limandichititsa manyazi. Dalaivala anadzipereka kuti awalowetse yekha. A Papu anapukusa mutu.

"Ine ndinawaona kale, ndinafukula nawo ndi manja angawa. Ndabwera kudzaonetsa Saidi. Timudikira."

Tinakhala pa kalesitilanti ka tsidya la msewu. Anandiitanitsira tiyi wa masamba a m'phiri, akuti amachiza m'mimba, n'kumandigwira pachipumi ngati mwana wawo. Podikirapo anandifotokozera zili mkatimo: bokosi lagolide lokhala ndi nyenyezi pachivundikiro, mmene munali mafupa a mfumu, chisoti cha masamba agolide, chitseko chamwala chimene chinakhala chotseka zaka zoposa zikwi ziwiri. Pakapita kanthawi ankafunsa, "Bwanji tsopano, habibi, mwana wanga?" Ine ndinkati sizinasinthe. Ndinamwa makapu atatu a tiyi wa matenda amene ndinalibe, mpaka mlonda anakoka geti.

"Khalas, basi," anatero a Papu. "Chaka chamawa."

Pobwerera ku Thessaloniki sanalozenso kanthu. Lachisanu tinakwera ndege.

Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi. Amayi anga amati ndi chifukwa choti ndinamvera, ndipo sinditsutsana nawo, pakuti inenso tsiku lija ndinkaopa zenizeni. Chimene chimandiwawa ndi choti sindinanene zoona. Ndikanati, "Papu, mwambo wakwathu sundilola," akanalowa ndi dalaivala uja n'kuonanso chitseko chawo chamwala. Ndinkaopa kuti mzungu andiseka, ndiye ndinasankha kumunamiza.

Ndinawaululira patapita miyezi inayi, dokotala atanena kuti mtima wawo sungapirirenso ndege. Tinali pakhonde, tikuyang'ana maboti a ku Marina. Anamvetsera mpaka kumapeto, osaseka.

"Pamene tinkafukula paja, mkazi wanga anali ndi mimba ya madamu akowa," anatero. "Amayi anga ankandifukiza lubani pakhomo tsiku lililonse ndisanalowe m'nyumba. Ukuganiza kuti amayi amantha ali ku Malawi kokha?"

Anayang'ana manja awo kanthawi.

"Ukanangondiuza, Saidi. Ndikanalowa popanda iwe, mphindi khumi zokha."